Mzere Wopanda Muvi

Yankho wabwera ku holide ndi buku lolemera ngati njerwa.
Ine ndikumata chubu pakhonde,
iye wang'amba katoni ya sopo, akuti:
Ababa, tchulani monse mwaponda lero.

Ndatchula. Depoti. Chipatala cha boma.
Depoti kachiwiri, Msangu, chigayo cha a Twaibu,
Kaphatenga ndi mayi wa dengu la tomato
amene wanenerera mtengo titafika kale,
depoti kachitatu.
Malo aliwonse iye akuika dontho,
msewu uliwonse akukoka mzere,
ndipo tsiku langa lonse, thukuta ndi fumbi lomwe,
lakwana pa katoni, malo n'kutsalako.

Kumeneku, akuti, ndi kuyenda chabe.
Woyenda amaloledwa kubwereza,
kuponda pomwe anaponda, palibe womulipiritsa.
Njira ndi ina: dontho ukaliponda kamodzi
basi, mwatsanzikana.
Ndaseka. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa kabaza,
matayala ndatha osawerengeka,
kani njira sindinayendepo?

Nanga ukachoka pakhomo m'mamawa,
osabwereza dontho, n'kudzagona pakhomo pomwepo?
Umenewo ndi mkombero, akuti.
Ine ndati ayi, ndi chizungulire,
ndimachidziwa, chimandigwira cha m'ma thuu koloko
dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, m'mimba muli gwaa.

Sanaseke. Wafunsa:
msewu wa ku Msangu akautseka, mumatani?
Ndimalambalala, ndati, kudzera kunjanji.
Eya. Chifukwa uli pa mkombero,
kuudula n'kungochedwetsa munthu.
Koma ulipo mzere wina wopanda mnzake.
Umenewo ukaduka, katoni imagawika pawiri,
a uku ndi a uko n'kumangomvana pa uthenga wa maliro.
Aphunzitsi athu amautcha mlatho.

Ndakumbuka dzinja lija Lifidzi atalusa,
tinaima tsidya lino ndi njinga zathu
kuyang'ana anthu a tsidya lija akutiyang'ana.

Watembenuza katoni.
Madontho atatu okha tsopano.
Lina walemba Ababa.
Lina, kutali chakumphepete, pamene pangakhale Chipoka,
walemba Amayi.
Lapakati sanalembe dzina.
Mizere iwiri.

Guluu wauma pa chala changa ndikuyang'ana.
Zaka zisanu ndi chimodzi
ndalama ya feteleza yadzera mwa mwanayu,
moni wa pa matenda, nkhani ya maliro a malume ake,
chitenje chimene a Nachisale anaiwala pa chingwe tsiku lochoka,
ngakhale mawu aja ndinatuma nditakwiya,
amene ndikukayika ngati anawafikitsa onse.
Mwana wa fomu wanu, phewa ngati la nkhuku,
ife akuluakulu awiri kumuyenda pamsana
osafunsa ngati matabwa akulira.

Januwale akubwerera ku Zomba.
Akamaliza, akuti, mwina apitirira,
watchula dziko limene sindingalipeze ndi pedulo.

Mzere wachitatu sanaukoke.
Wangoika bolopeni pa chishalo cha njinga,
nati: mwaona, Ababa? Mizereyi ilibe mivi.
Msewu umene unatenga munthu
sudziwa kuti kupita n'kuti, kubwera n'kuti.
Walowa m'nyumba kukatchaja foni.

Ndapopa chubu, ndamiza m'beseni.
Palibe thovu.
Ndazungulitsa kawiri, poti chigamba chimanamiza.
Palibe thovu.

Mawa ndi Lachinayi, tsiku la makasitomala ochepa.
Pa depoti a Mussa adzafuula, iwe, ukupita kuti wopanda munthu?
Mtengo wa ku Kaphatenga ndimaudziwa,
wa kuchipatala, wa usiku, wa mvula,
wa munthu wonenepa wonyamula mbuzi.
Wa ku Chipoka, mpando wakumbuyo uli mbee,
sindinauwerengerepo.

Bolopeni ndaika m'thumba la malaya.
Yayamba kale kudontha.